Chidindo chikabedwa: momwe mungatetezere SSO ku matokeni abodza

Kalata ya kwa amfumu imalemera chifukwa cha chidindo. Woilandira ku ofesi sakwera njinga kukafunsa kumudzi ngati amfumu analembadi. Amangoyang'ana chidindocho n'kukuthandizani. SSO, njira yolowera kamodzi n'kutsegula mapulogalamu ambiri, imayenda chimodzimodzi. Wantchito amalowa kamodzi pa seva yotsimikizira anthu, monga AD FS, Entra ID kapena Okta, ndipo sevayo imamupatsa tokeni: kakalata konena kuti uyu ndi uje, ali m'gulu lakuti, tokeniyi itha nthawi yakuti. Pansi pake imasaina ndi kiyi wachinsinsi. Microsoft 365, AWS kapena Salesforce zikalandira tokeniyo zimayesa siginecha ndi satifiketi yomwe zinapatsidwa kale. Ikagwirizana, chitseko chimatseguka. Sizibwerera kwa wopereka tokeni kukafunsa.

Ndiye amene waba kiyi wosainira amadzilembera yekha kalata, m'dzina la aliyense amene wamufuna, ali pakompyuta yake kulikonse padziko. Pasiwedi saifuna. Kusintha mapasiwedi a kampani yonse sikumugwedeza. MFA, kutsimikizira munthu kachiwiri monga kudzera pa foni, nayo sikumugwira, poti mutokenimo amangolembamo kuti MFA yachitika kale.

Njirayi inafotokozedwa poyera ndi kampani ya CyberArk mu 2017, n'kuitcha Golden SAML. Ambiri anaiona ngati nkhani ya m'misonkhano ya akatswiri mpaka Disembala 2020, pamene zinadziwika kuti amene analowa kudzera mu pulogalamu ya SolarWinds Orion ankaigwiritsa ntchito pochoka m'maseva a m'maofesi kupita ku imelo za mu Microsoft 365. Malangizo ali m'munsimu akhazikika pa AD FS yolumikizidwa ndi Entra ID, chifukwa n'komwe mbavazi zadya kwambiri, koma maganizo ake amagwira paliponse pa SAML ndi OIDC, njira ziwiri zoperekera matokeni a SSO.

Gawo 1: Lembani amene amakhulupirira ndani

Musanakhudze seva iliyonse, dziwani zidindo zomwe muli nazo ndi maofesi omwe amazilandira. Pa seva ya AD FS thamangitsani malamulo awiriwa mu PowerShell:

Get-AdfsCertificate -CertificateType Token-Signing
Get-AdfsRelyingPartyTrust | Select Name, Identifier, Enabled

Loyambalo likuonetsani masatifiketi osainira, thumbprint yake (nambala yozindikirira satifiketi) ndi tsiku lotha ntchito. Lachiwiri likupatsani mndandanda wa mapulogalamu onse amene amalandira matokeni anu. Kawirikawiri mupezamo ena oti anasiyidwa kalekale, woyang'anira wake anachoka ntchito, koma akadali oyatsa. Azimitseni.

Mbali ya Entra ID, onani domain iliyonse ndi Get-MgDomain, ndipo pa iliyonse yolembedwa kuti Federated, kutanthauza yolumikizidwa ndi seva ina yotsimikizira anthu monga AD FS, thamangitsani Get-MgDomainFederationConfiguration. Yang'anani zinthu zitatu: issuerUri, signingCertificate ndi nextSigningCertificate. Chachitatucho anthu amachidumpha, komabe ndi malo abwino obisalapo. Entra ID imalandira tokeni yosainidwa ndi satifiketi iliyonse mwa ziwirizo, choncho wachiwembu amene wapeza mphamvu za Global Administrator akhoza kuikapo satifiketi yake pamalo achiwiriwo, ogwira ntchito n'kumalowabe bwinobwino osazindikira kanthu. Thumbprint iliyonse imene simungaipeze pa AD FS yanu ndi ya mlendo.

Sungani mndandandawu pamalo amene sadalira SSO yomweyo. Tsiku la mavuto mudzaufuna, ndipo tsikulo mwina simudzatha kulowa.

Gawo 2: Dziwani pomwe kiyi amagona

Apa m'pofunika kuchedwapo, chifukwa anthu ambiri amateteza malo olakwika. AD FS ikamadzipangira yokha masatifiketi, kiyi wosainira sakhala m'malo osungira masatifiketi a Windows. Amakhala mu database ya AD FS, kaya ndi WID (database ya Windows) ya pa seva pomwepo kapena SQL Server, ndipo amakhala wotsekeredwa. Chomutsekulira ndi kiyi wina wotchedwa DKM, yemwe amasungidwa mu Active Directory, nkhokwe ya maakaunti a kampani, pansi pa CN=ADFS,CN=Microsoft,CN=Program Data. Mkatimo muli chinthu cha mtundu wa contact, ndipo kiyi wa DKM analembedwa mu thumbnailPhoto, malo amene mwachizolowezi mumakhala chithunzi cha nkhope ya wantchito. Malo enieni a gulu la maseva anu muwapeza motere:

Get-AdfsProperties | Select CertificateSharingContainer

Wakuba amafuna zidutswa ziwiri: zotsekeredwa za mu database ndi kiyi wa DKM. Akaunti imene AD FS imayendera imatha kuwerenga zonse ziwiri. Zida zochitira zimenezi zilipo poyera kuyambira kale, monga ADFSDump ndi AADInternals, choncho musaganize kuti pafunika katswiri wa boma lina. Chachitatu chimene amafuna ndi ImmutableID, nambala imene Entra ID imazindikirira nayo munthu amene akufuna kumuvala, ndipo iyo imachokera ku objectGUID kapena ms-DS-ConsistencyGuid, zimene pafupifupi aliyense wa mu domain amatha kuwerenga.

Tanthauzo lake ndi lakuti seva ya AD FS ili pamlingo umodzi ndi domain controller, seva yosunga Active Directory. Amene ali ndi mphamvu pa iyo ali ndi mphamvu pa imelo ya bwana wamkulu. Ndipo si sevayo yokha. Werengaponso SQL Server yosunga database, seva ya Entra Connect, pulogalamu ya backup imene imakopera sevayi usiku uliwonse, ndi woyang'anira VMware kapena Hyper-V amene angathe kutenga snapshot n'kuikopera pa diski yake. Ma backup ndiwo amaiwalika kwambiri. Mpanda umakhala wolimba kutsogolo, kuseri kuli mpata wolowera mbuzi.

Gawo 3: Mangani mpanda

Chotsani aliyense wosafunika m'gulu la Administrators pa maseva a AD FS. Otsalawo alowe ndi maakaunti apadera, kuchokera pa kompyuta yapadera yosatsegulirapo imelo kapena intaneti wamba. Wothandiza ogwira ntchito amene amakonza maprinta asakhale ndi njira yofikira kuno, ngakhale kudzera mu Group Policy kapena pulogalamu yotumizira ma update.

Akaunti ya AD FS ikhale gMSA, akaunti ya mapulogalamu imene pasiwedi yake imasamalidwa ndi Windows. Pasiwedi ya gMSA ndi yaitali kwambiri, imasintha yokha masiku 30 aliwonse, ndipo palibe munthu amaidziwa. Akaunti wamba yokhala ndi SPN (dzina lake mu Kerberos, njira yolowera ya Windows) ndi pasiwedi yoti munthu analemba mu 2016 imagwa mosavuta ndi Kerberoasting: aliyense wa mu domain amapempha tikiti ya Kerberos ya akauntiyo, n'kukaiswa pang'onopang'ono kunyumba. Akauntiyi isakhale mu Domain Admins, ndipo isagwiritsidwe ntchito ina iliyonse.

Kenako tsekani poti 80. Pa gulu la maseva logwiritsa WID, maseva aang'ono amakatenga zosintha kwa seva yaikulu mphindi 5 zilizonse kudzera pa poti 80, pa adiresi yothera ndi /adfs/services/policystoretransfer. Mu 2021 ofufuza a kampani ya Mandiant anaonetsa kuti amene ali ndi chinsinsi cha akaunti ya AD FS akhoza kunamizira kukhala seva yaing'ono n'kupatsidwa zonse za mu database ali patali, osaponda n'komwe pa sevayo. Antivirus ya pa seva siiona kanthu chifukwa palibe chathamanga pamenepo. Mu Windows Firewall lolani poti 80 kuchokera ku ma IP a maseva anzake a AD FS okha. Ngati seva ndi imodzi, tsekani potiyi kwa onse. Maseva a Web Application Proxy amalankhula ndi AD FS pa 443, choncho sakhudzidwa.

Ngati thumba likulola, ikani kiyi wosainira mu HSM, chipangizo chapadera chosungira makiyi. Mmenemo kiyi satuluka, amangosaina ali mkati. Dziwani malire ake: HSM imaletsa kuba kiyi n'kupita naye, koma siletsa munthu amene walanda sevayo kuiuza kuti isaine. Imasanduliza mbava ya ulendo umodzi kukhala mbava yoyenera kubwerabwera, ndipo wobwerabwera amasiya mapazi. Mukapita njira ya HSM, kusintha masatifiketi kumakhala kwa manja, ndiye ikani tsiku lake pa kalendala ya anthu oposa mmodzi.

Gawo 4: Dulani mphamvu za tokeni yabodza isanabwere

Gawo ili ndi lotchipa kuposa onse, ndipo ndi limene lingakupulumutseni kwambiri. Poyamba, maakaunti onse a oyang'anira mu Entra ID akhale a ku cloud kokha, othera ndi onmicrosoft.com, osachokera ku Active Directory ya mu ofesi. Tokeni yabodza imafuna ImmutableID ija, imene akaunti ya ku cloud kokha ilibe. Woyang'anira wotere chidindo chobedwacho sichimufika. Apatseni makiyi a FIDO2, tizipangizo ta m'manja tolowera, ndipo sungani maakaunti awiri a pangozi amene sadutsa ku AD FS ngakhale pang'ono.

Chachiwiri, lekani kukhulupirira AD FS pa nkhani ya MFA. Mwachizolowezi, tokeni ikabwera ndi mawu akuti multipleauthn, Entra ID imavomera kuti munthuyo watsimikizidwa kawiri. Wopeka tokeni amangowonjezera mawuwo. Pa domain iliyonse yolumikizidwa pali chosankha chotchedwa federatedIdpMfaBehavior, ndipo chiikeni pa rejectMfaByFederatedIdp:

Update-MgDomainFederationConfiguration -DomainId dzina-la-domain -InternalDomainFederationId nambala-yake -FederatedIdpMfaBehavior rejectMfaByFederatedIdp

Zikatero, Entra ID imachita MFA yokha, kaya tokeni inene zotani. Samalani pawiri. Ngati MFA yanu yonse imachitikira pa AD FS, yambani mwalembetsa anthu ku MFA ya Entra, apo ayi Lolemba m'mawa foni ya ofesi yanu siikhala chete. Komanso chosankhachi chimagwira ntchito pokhapokha pali lamulo lofuna MFA mu Entra ID, monga la Conditional Access. Popanda lamulolo palibe chofunsidwa. Ndipo akaunti imene sinalembetsepo MFA ndi mphatso kwa wakuba, chifukwa adzalembetsa foni yake. Fufuzani maakaunti oterewa, makamaka a anthu amene anachoka ndi a mapulogalamu.

Onjezerani lamulo lofuna kuti kompyuta ikhale yodziwika ndi yovomerezeka mu Intune, pulogalamu yoyang'anira zipangizo za kampani, pofika ku imelo ndi mafayilo. Tokeni yabodza imanena za munthu, siingapeke kiyi wa mu TPM, kachipangizo kosunga makiyi mu laputopu yake. Koma onaninso amene amaloledwa kulembetsa chipangizo chatsopano, kuti wakubayo asangolembetsa chake.

Ku AWS maganizo ndi omwewo. Tokeni ya SAML ndiyo imatchula role, kapena kuti udindo ndi mphamvu zake, imene munthu akufuna, ndiye role iliyonse yokhulupirira AD FS yanu ndi yotseguka kwa wopeka. Chepetsani ma role amphamvu amene amalowedwa kudzera njirayi.

Gawo 5: Yatsani ma log, apo ayi mukusaka mumdima

AD FS siilemba zokwanira mpaka mutaiuza. Pa seva iliyonse:

auditpol /set /subcategory:"Application Generated" /success:enable /failure:enable
Set-AdfsProperties -AuditLevel Verbose

Tsimikizani kuti akaunti ya AD FS ili ndi ufulu wa Generate security audits, ndipo mu Federation Service Properties chongani Success audits ndi Failure audits. Mukatero mu Security log muyamba kuona chochitika nambala 1200 tokeni ikaperekedwa, 1202 munthu akatsimikizidwa mwatsopano, ndi 1201 kapena 1203 zikakanika. Kusintha kwa makonzedwe kumatuluka ngati 307.

Pa kiyi wa DKM ikani alamu. Yatsani Audit Directory Service Access pa ma domain controller, kenako mu ADSI Edit pitani pa container ija, Security, Advanced, Auditing, n'kuika kuti Everyone akawerenga zilembedwe, kuphatikizapo zinthu zamkati mwake. Kuwerenga kulikonse kudzatulutsa 4662. Sefani zokhala ndi nambala ya thumbnailPhoto, yomwe ndi 8d3bca50-1d7e-11d0-a081-00aa006c33ed. Akaunti ya AD FS imawerenga pamenepa mwa ntchito yake, choncho musangoichotsa m'sefa n'kugona. Funso ndi lakuti yawerenga kuchokera kuti. Ikawerenga kuchokera pa laputopu ya ku ofesi ya zachuma, dzukani. Dziwaninso kuti wakuba wa mphamvu za DCSync amatenga kiyiyu kudzera m'njira yokoperana ya ma domain controller, ndipo alamu ya pa container siilira. Ikani ina pa akaunti iliyonse yosakhala domain controller imene yapempha kukopera.

Ngati muli ndi Sysmon, pulogalamu yolemba zochitika pa Windows, yang'anirani chochitika 18 pa paipi ya \\.\pipe\MICROSOFT##WID\tsql\query. Amene amayenera kulumikizapo ndi mapulogalamu a AD FS ndi ochepa a Windows. PowerShell yachilendo kapena fayilo ya mu Temp ikalumikizapo, wina akuwerenga database.

Ma log onsewa achoke pa sevayo nthawi yomweyo kupita ku SIEM, pulogalamu yosonkhanitsa ndi kufufuza ma log. Wolanda seva amafufuta za pomwepo. Za Entra ID nazo zitumizeni kwina, poti zolemba za olowa zimasungidwa masiku 7 okha pa layisensi yaulere ndi masiku 30 pa P1 ndi P2. Achiwembu a pa SolarWinds aja anakhala m'nyumba za anthu miyezi yambiri asanadziwike. Ndi masiku 30 simungadziwe n'komwe tsiku limene analowa.

Gawo 6: Sakani kalata yopanda kaundula

Tokeni yabodza yosainidwa ndi kiyi weniweni simungaisiyanitse poiyang'ana siginecha. Siginechayo ndi yoona. Chimene chimaiulula ndi chakuti ku ofesi ya amfumu kulibe kaundula wake. Munthu akalowa moona kudzera ku AD FS, amasiya mapazi katatu: 4769 pa domain controller ngati walowa ndi Kerberos ali mu ofesi, 1202 ndi 1200 pa AD FS, kenako kulowa kwake ku Entra ID kapena AssumeRoleWithSAML mu CloudTrail ya AWS. Wopeka amasiya lachitatu lokha.

Ndiye mu SIEM lembani funso lotere: pa kulowa kulikonse kwatsopano kwa munthu wa domain yolumikizidwa, kodi pali 1200 ya dzina lomwelo, ya pulogalamu yomweyo, m'mphindi zochepa zapitazo? Ngati palibe, liza belu.

Kunena n'kosavuta, koma sabata yoyamba belulo lidzalira mpaka kukutopetsani. Zifukwa zake n'zodziwika. Kulowa kwambiri kwa mu Entra ID sikudutsa ku AD FS, chifukwa kompyuta imagwiritsa refresh token kapena PRT, matokeni okhalitsa amene inapatsidwa kale; zoterezi zichotseni m'funsolo. Ngati maseva a AD FS ndi atatu ndipo imodzi siikutumiza ma log, gawo limodzi mwa atatu la anthu anu lidzaoneka ngati mbava. Mawotchi akasiyana, kapena mbali ina ikulemba mu UTC ina mu nthawi ya kwanu, palibe chidzagwirizane. Dzina nalo limavuta: uku lalembedwa ngati UPN, uko ngati DOMAIN\dzina. Kusowa kwa 1202 kokha si umboni, poti munthu amene ali kale ndi cookie ya AD FS amapatsidwa tokeni osafunsidwanso pasiwedi. Kusowa kwa 1200 ndiko kolemera. Yambani ndi anthu ochepa, mabwana, a zachuma, a IT ndi maloya, mpaka funsolo litakhazikika, kenako mulikulitse.

Zizindikiro zina zimathandizira. AD FS mwachizolowezi imapereka tokeni ya ola limodzi, ndiye ngati pulogalamu yanu imalemba NotOnOrAfter ndipo mwaona tokeni ya maola ambiri, si yanu. Onaninso tokeni yonena kuti MFA yachitika pa munthu amene lamulo lanu silimufunsa MFA, kapena yokhala ndi magulu amene munthuyo salimo mu Active Directory.

Mu audit log ya Entra ID ikani alamu yosagona pa zochitika ziwiri: Set federation settings on domain ndi Set domain authentication. Izi zimachitika mwina kamodzi pa chaka, ndipo mumadziwa tsiku lake. Wakuba amene walephera kuba chidindo amasema chake n'kuuza ofesi kuti izichilandiranso, powonjezera domain yatsopano kapena satifiketi yachiwiri. A Okta anachenjeza makasitomala awo za njira yofanana mu Ogasiti 2023: achiwembu ankanyenga othandiza ogwira ntchito pafoni, kulanda akaunti ya woyang'anira wamkulu, n'kuwonjezera wopereka matokeni wachiwiri wa iwo eni. Ku AWS zofanana nazo ndi CreateSAMLProvider ndi UpdateSAMLProvider.

Pali mtundu umodzi umene funso la kaundula siliugwira. Mu 2021 Microsoft inafotokoza za FoggyWeb, imene inkalowa ngati fayilo ya version.dll mu foda ya C:\Windows\ADFS, ndipo mu 2022 za MagicWeb, imene inkasintha Microsoft.IdentityServer.Servicehost.exe.config kuti AD FS inyamule DLL yachinyengo. Pa MagicWeb, AD FS yeniyeniyo ndiyo imapereka tokeni kwa wakuba, kaundula n'kulembedwa bwinobwino. Mankhwala ake ndi kuyang'anira mafayilo: sungani hash ya zonse za mu foda ya ADFS ndi ma DLL a Microsoft.IdentityServer a mu GAC, ndipo chilichonse chosintha kunja kwa tsiku la update, kapena chosasainidwa ndi Microsoft, chifufuzidwe.

Gawo 7: Mukakayikira kuti kiyi wabedwa

Musathamangire kusintha satifiketi wakuba akadali m'nyumba. Adzangotenga yatsopanoyo madzulo omwewo, ndipo mwamudziwitsa kuti mwamuona. Yambani ndi kukopera ma log ndi chithunzi cha diski ndi memory ya sevayo. Gwirani ntchito kuchokera pa makompyuta oyera, ndi maakaunti a ku cloud aja, ndipo musakambirane za nkhaniyi pa imelo kapena Teams ya kampani, poti mwina akuwerenga. Tsekani njira imene analowera, sinthani chinsinsi cha akaunti ya AD FS, ndipo ngati anafika pa Domain Admin, pasiwedi ya akaunti ya krbtgt, yomwe imasainira matikiti a Kerberos, isinthidwe kawiri, mopatsa nthawi yoti ma domain controller onse alandire kusintha koyamba.

Tsopano masatifiketi. Onani kuti AutoCertificateRollover ili pa True, kenako:

Update-AdfsCertificate -CertificateType Token-Signing -Urgent
Update-AdfsCertificate -CertificateType Token-Signing

Loyamba limapanga satifiketi yatsopano n'kuiika patsogolo nthawi yomweyo. Lachiwiri limapanga ina yodikirira. Chifukwa chopangira ziwiri ndi malo awiri aja a mu Entra ID. Mukasintha kamodzi kokha, satifiketi yobedwayo ikhoza kutsala pamalo achiwiri, n'kumalandiridwabe ngati kale. Ili ndi phompho limene ambiri amagweramo akuganiza kuti amaliza. Lembani zatsopano zonse ziwiri mu Entra ID, pa signingCertificate ndi nextSigningCertificate, kenako werenganinso ndi Get-MgDomainFederationConfiguration kuti muone ndi maso anu kuti thumbprint yakale yachoka. Pa AD FS ichotseni ndi Remove-AdfsCertificate ngati ikuonekabe. Chitaninso chimodzimodzi ndi satifiketi ya Token-Decrypting.

Kuyambira pomwe mwalemba -Urgent, pulogalamu iliyonse imene sinalandire satifiketi yatsopano ikana anthu anu. Mapulogalamu ena amawerenga okha satifiketi yatsopano mu federation metadata pakapita maola. Ambiri amafuna munthu alowe n'kuika pamanja, ena mpaka kulembera kampani yake. Apa m'pamene mndandanda wa Gawo 1 umalipira. Pa pulogalamu iliyonse musangowonjezera yatsopano, chotsaninso yakale. Pulogalamu imodzi yoiwalika ndi khomo lotseguka mpaka satifiketi yakaleyo idzathe, ndipo ena sayang'ana n'komwe tsiku lotha.

Kusintha satifiketi sikutulutsa amene ali kale mkati. Tokeni yabodza ija anaisinthanitsa kalekale ndi refresh token, imene ingakhale moyo mpaka masiku 90 ndipo imadzikonzanso ikamagwiritsidwa ntchito. Thamangitsani Revoke-MgUserSignInSession pa anthu onse a domain imeneyo, osati okayikiridwa okha. Access token imene ili kale m'manja imatha yokha pakati pa mphindi 60 ndi 90 pa mapulogalamu osatsatira Continuous Access Evaluation. Mukatero sesani zimene anasiya: zinsinsi ndi masatifiketi atsopano pa ma application ndi ma service principal, zilolezo zonga Mail.Read ndi full_access_as_app, mafoni a MFA olembetsedwa posachedwa, malamulo otumiza imelo kunja. Achiwembu a pa SolarWinds ankakonda kwambiri kubisala m'ma application, chifukwa application siifunsidwa MFA.

Ngati pali umboni woti anafika pa seva ya AD FS yeniyeniyo, musaitsuke. Mangani gulu latsopano pa maseva atsopano, ndi akaunti yatsopano ndi DKM yatsopano. Kiyi wa DKM wakale ali naye, ndipo satifiketi iliyonse yosungidwa pansi pake ndi yotsekeredwa ndi loko amene mbava ili ndi kiyi wake.

Gawo 8: Ngati ndinu olandira matokeni

Nthawi zina wakuba safunika kuba chidindo, chifukwa mlonda sayang'ana bwino. Mu 2012 ofufuza a ku Ruhr University Bochum anayesa mapulogalamu 14 a SAML ndipo 11 anagwa ndi XML signature wrapping: siginecha imayesedwa pa chidutswa china cha kalata, dzina n'kuwerengedwa pa china. Matendawa sanathe. Mu 2024 ruby-saml, imene GitLab imagwiritsa ntchito, inapezeka ndi CVE-2024-45409, ndipo GitHub Enterprise Server inali ndi CVE-2024-4985, zonse zolola munthu kupeka yankho la SAML. Choncho musalembe nokha pulogalamu yoyesa SAML, ndipo imene mukugwiritsayo ikhale m'gulu la zolandira update mwachangu.

Poyesa tokeni, dzina liwerengedwe kuchokera pa chidutswa chomwe chasainidwacho. Satifiketi yoyesera ikhale imene munasunga nokha, osati imene yabwera mkati mwa tokeniyo. Yang'anani Issuer, Audience, Recipient, NotBefore ndi NotOnOrAfter, ndipo InResponseTo igwirizane ndi pempho limene munatumizadi. Sungani ID ya tokeni iliyonse mpaka itatha, kuti isalowe kawiri.

Pa JWT, mtundu wa tokeni umene OIDC imagwiritsa ntchito, algorithm muisankhe inu, osati tokeni. Kanani none. Ngati mukuyembekezera RS256 musalole HS256, chifukwa pulogalamu yosasamala imatenga kiyi wanu wapoyera n'kumugwiritsa ngati chinsinsi cha HMAC, ndipo kiyi wapoyerayo aliyense ali naye. Musatsatire adiresi ya mu jku kapena x5u pokhapokha ili pa mndandanda wanu. Ndipo kiyi aliyense amangiriridwe kwa wopereka wake. Mu 2023 gulu limene Microsoft imalitcha Storm-0558 linagwiritsa ntchito kiyi wa 2016 wosainira maakaunti a anthu wamba a Microsoft, n'kupekera matokeni olowera mu imelo za mabungwe, chifukwa mbali yolandira inavomera siginecha yoona osafunsa ngati kiyiyo ndi wa khomo limenelo. Lipoti la Cyber Safety Review Board ya ku America linati mabungwe 22 ndi anthu oposa 500 anakhudzidwa, ndipo ku State Department kokha kunatengedwa maimelo pafupifupi 60,000. Amene anaona koyamba ndi a State Department omwewo, kudzera mu log ya MailItemsAccessed. Onani ngati yanu ikulembedwa.

Gawo 9: Dzifunseni ngati AD FS mukuifunabe

Makampani ambiri anaika AD FS zaka khumi zapitazo pa zifukwa zimene zinatha. Ngati ntchito yake yaikulu ndi kulowetsa anthu mu Microsoft 365, yatsani password hash sync mu Entra Connect, samutsani kagulu kochepa ndi staged rollout, onani zosweka, kenako sinthani domain yonse kuchoka pa Federated kupita pa Managed. Mapulogalamu ena a SAML asamutsireni ku Entra ID limodzilimodzi, ndipo womaliza akachoka zimitsani maseva, chotsani container ya DKM ndi akaunti yake.

Posamutsa, pali msampha umene ofufuza a kampani ya Semperis anaufotokoza mu 2024 n'kuutcha Silver SAML. Entra ID imadzipangira satifiketi yosainira pa pulogalamu iliyonse, ya zaka zitatu, ndipo kiyi wake satulutsika. Koma imalolanso kuti mulowetse yanu. Ena amatero pofuna satifiketi ya kampani yodziwika, kapena amangonyamula yakale ya AD FS kuti asavutike kusintha mbali inayo. Fayilo ya PFX yokhala ndi kiyi wachinsinsi wa satifiketiyo imatsala mu Downloads, mu imelo, pa Teams, pasiwedi yake ili mu uthenga wotsatira. Aliyense woitola amasainira pulogalamu imeneyo ngati Entra ID. Gwiritsani satifiketi yopangidwa ndi Entra ID, ndipo mu audit log ikani alamu pa kusintha kwa PreferredTokenSigningKeyThumbprint, kuti wina akasintha satifiketi ya pulogalamu mudziwe tsiku lomwelo.